Kufunsa Mkuwa Zaka Zake

Mayi Hepworth analibweretsa Lachitatu,
mvula ya ku Barnsley ikuwaza mwaulesi,
atalikulunga m'bulangete lonunkha fumbi la kudenga.
"Akuti linali la agogo a malemu amuna anga.
Ndingofuna kudziwa, ndi la liti?"

Ndinati khalani pansi, mayi,
mkuwa suyankha wafunso ali chiimire.

Tromboni ya besi. Siliva wake wasuluka malo atatu
pomwe zala zinkagona.
Pa chokoka chake pali kachigwiriro ka mtengo,
kakuda bii, kosalala ngati mpini wa fosholo,
pakuti lipenga ili linatalika kuposa mkono wa munthu:
wofuna liwu la pansi penipeni
ankachita kubwereka mkono wa mtengo.
Kameneko kandiuza kwawo:
ndi lathu lomwe lino, la mabandi a kumigodi ya malasha.
Koma chaka, kakana kunena.

Ndinayang'ana kukamwa kwake, pakati pa maluwa ozokota,
pomwe wosula amasiya dzina.
Dzinalo linadyedwa ndi nsanza.
Olikonda ndiwo analifufuta,
Loweruka lililonse polishi, polishi,
mpaka chikondi chinamaliza zilembo.
Kwatsala London, theka la dzina la msewu,
ndi timendulo tiwiri tosaoneka nkhope.

Ndiye nambala.
Ndinayatsa nyale, galasi pa diso.
Folo. Seveni. Kenako kaya wani, kaya kukalika chabe.
Ndinapaka mwaye ndi chala, ndi kupukuta,
manambala asanu anatuluka ngati ana obisala.
Buku la malemu Illingworth, amene anandiphunzitsa ntchitoyi,
lija lamafuta m'makona,
likuti pakati pa 1908 ndi 1912,
ngati wosulayo ndi amene ndikumuganizira.
Ngati.

Koma nambala ya pa chokoka ndi ina.
Awiriwa sanabadwe bere limodzi.
Winawake, tsiku lina, chakale chitaphwanyika,
kaya m'basi, kaya pa khomo la bala,
anawakwatitsa osafunsa ankhoswe,
ndipo banja lake linalimba.

Kumbuyo, pa mpope wokhota,
timipope tiwiri towonjezera, mtovu wake woyererapo.
Izi ndi za nthawi ija mabandi anatsitsa liwu
kuti agwirizane ndi dziko lonse,
malipenga akale n'kuwatalikitsa khosi.
Ndinatembenuza, ndipo mtima unati phaa:
pansi pa mtovu, tizilembo tokanda ndi nsonga ya singano,
A.I. 64.
Dzanja ndikulidziwa ilo.
Linandimenyapo pa chala nditawotcha siliva wa eni.

"Agogowo anabadwa liti, mayi?"
"Chaka cha 1921."
"Ndiye lipenga linawatsogolera.
Iwo anali achiwiri kulipumira, mwina achitatu."

Anakhala chete, akupotokola lamba wa chikwama.
Ndinkayesa afunsa mtengo wake.
Anati, "Kodi likulirabe?"

Ndinadontheza mafuta, chokoka chinakana, kenako chinalola.
Ndinakankha kamtengo kaja mpaka kumapeto,
kutali komwe mkono wanga sufika,
ndi kuuzira.
Linayamba latsokomola, fungo la ndalama zakale zachitsulo,
kenako liwu linatuluka, lonenepa, lamakwinya,
zomangira za pa tebulo zinanjenjemera m'chitini,
galu wa sitolo yoyandikana anayankha.

Pa kapepala komangirira ndinalemba ndi pensulo:
kukamwa, cha m'ma 1910, osalumbira;
chokoka, chaching'ono ndi zaka makumi awiri kapena kuposa;
timipope, 1964, apa ndiye ndingalumbire.

Anawerenga kawiri.
"Nanga chibowo ichi cha pambali?"
"Chimenecho, mayi, chilibe nambala."
"Ndi amuna anga," anatero, "ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi,
analigwetsa pa masitepe. Anandiuza tili pa chibwenzi."

Ndinali nditatenga kale kanyundo kowongolera.
Ndinakabweza m'dirowa.